Ndidapita kudambo la Elephant Marsh kukatenga duwa la nyika

Akonzi, ndipatseniko danga ndifotokozere anzanga owerenga tsamba lino za ulendo umene ndidayenda kudambo la Elephant Marsh, komanso za duwa limene ndidabwera nalo kuchokera kumeneko.

Ndine mphunzitsi wa zaulimi ndi sayansi ya zamoyo pasekondale ina yoyendera kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'boma la Chikwawa. Tonse tikukumbukira mmene chaka cha 2024 chidalili. Mvula idadula chimanga chili m'mawondo, ndipo mu Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'dziko muno agwa m'ngozi ya chilala. Pofika Okutobala, mabenchi a m'kalasi mwanga adayamba kuoneka mipata.

Mtsikana wina wa Fomu 2, amene chiyambire Fomu 1 adali asadajombepo, adasowa sabata ziwiri. Tsiku limene adabwera, zikhadabo zake zidali bii, miyendo itatuwa ndi kung'aluka ngati ya munthu woponda dothi la njerwa. Ndisadamufunse n'komwe, mnyamata wina wakumbuyo adakuwa: "Aphunzitsi, ameneyo anali ku nyika!" Kalasi yonse idafa nalo phwete. Mtsikanayo adangogwetsa nkhope pansi osayankha kanthu.

Kwa inu akumtunda, nyika ndikunenayi si phiri lija la ku Rumphi ayi. Ndi timibulu takuda tonga mbatata timene timakhala m'matope pansi pa madzi. Anthu amatizula, kutiwiritsa, kusenda n'kudya, ndipo ena amatiyanika n'kusinja ufa. Kuno kuchigwa, kunena kuti banja lakuti likudya nyika n'chimodzimodzi kunena kuti m'nkhokwe mwawo mwatsala mphepo. N'chifukwa chake anawo adaseka, ngakhale ndikukhulupirira kuti ambiri mwa osekawo adagonera yomweyo dzulo lake.

Ine kwathu ndi kumtunda, kuno ndidabwera ndi ntchito. Nyika ndinkangoiona pamsika ili milumilu, koma chomera chake ndidali ndisadachionepo. Titaweruka ndidamuitana mwanayo n'kumufunsa kuti kodi chinthuchi pamwamba pa madzi chimaoneka bwanji. Nkhope yake idamasuka. Adati: "Chili ndi maluwa, aphunzitsi, okongola kuposa aja mumajambula pabolodi. Njuchi zimachita kukanganirana."

Mawu amenewa adandichititsa manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa za kusamutsa mungu ndi choko basi. Komanso nyengo yomweyo maungu a m'dimba la sukulu ankachita maluwa ambiri, koma timaungu tambiri tinkachita chikasu n'kuthothoka tisadakule ngakhale ngati dzira. M'mawa ndikazungulira m'dimbamo, njuchi zinkachita kuwerengeka ndi zala. Ndidamupempha mwanayo kuti akandipepesere kwa agogo ake, amene ali ndi bwato, kuti Loweruka anditenge.

Tidanyamuka tambala wachiwiri atalira, pa njinga yamoto ya kabaza. Tidatsata msewu wochokera ku Thabwa kulowera ku Muona, mapiri a Thyolo ali kumanzere kwathu. Mitsinje yambiri yotsika m'mapirimo idali mchenga wokhawokha. Kenaka tidapatuka kumanja n'kuyenda wapansi, kudutsa m'madimba a mbatata ndi chimanga chachilimwe, mpaka tidafika padoko. Chidandidabwitsa n'chakuti kumtunda kudali gwaa, koma kuno madzi adali mbwee. Chaka chimenecho nyanja ya Malawi idadzaza kwambiri, choncho Shire sadaphwe ngakhale mvula idavuta kumwera kuno.

Agogowo adali atatiyembekeza kale. Ndi munthu wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Titapatsana moni adangoti: "Aphunzitsi, inu mukhale pakati. Manja asatuluke m'bwato." Mdzukulu wawo adakhala kutsogolo, iwo adaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali yokankhira bwato.

Tidalowa m'kanjira ka madzi kopapatiza, bango ndi gumbwa zitatiphimba mbali zonse. Udzudzu udatilandira ndi manja awiri. Akakowa ankauluka patsogolo pathu, ndipo patali nkhwazi inkalira. Pena tinkamva mvuu ikufwenthera kuseri kwa bango, agogo n'kukhotetsa bwato mwakachetechete. Titayenda pafupifupi ola limodzi, bango lidatha mwadzidzidzi ndipo tidatulukira pathamanda lalikulu. Pamwamba pa madzi padali masamba obulungira ngati mbale za nsima, atayalana mpaka kumene maso adalekezera. Mbalame zofiirira za zala zitalizitali zinkayenda pamasambapo ngati zikuyenda pabwalo.

Koma maluwa aja ndidadzera sindidawaone. Padali timitu tosongoka tokhatokha titatuluka m'madzi, ndi maluwa oyera ochepa apo ndi apo. Agogo ataona nkhope yanga adaseka. "Dekhani aphunzitsi, sanadzuke. Oyerawo ndi a usiku, akupita kukagona. Anu aja adzuka dzuwa likawawa."

Zidachitikadi momwemo. Cha m'ma 9 koloko timitu tija tidayamba kumasuka, ndipo pasadathe ola thamanda lonse lidasanduka mtundu wa thambo lopanda mitambo. Duwa lililonse lidali ndi chikasu pakati, ndipo fungo lake lidali lozuna. Apo ndipo ndidazindikira kuti duwa la nyika ndi kakombo, dzina limene ndakhala ndikulimva kutchalitchi chibadwire. Njuchi zidafika kuchokera kumitengo ya kumtunda. Padabweranso tinjuchi ting'onoting'ono, ntchentche zamizeremizere zofanana ndi njuchi, ndi tizikumbu. Ndidayesa kuwerenga tizilombo pa duwa limodzi, koma ndidasokonezeka.

Zimene ndidaona tsiku limenelo ndidakazitsimikiza m'mabuku nditabwerera. Duwa limodzi la kakombo limatsegula ndi kutseka kwa masiku atatu kapena anayi. Tsiku loyamba silitulutsa mungu. Pakati pake pamakhala kambale ka timadzi, ndipo kachilombo kobwera ndi mungu kuchokera pa duwa lina kakaterereka n'kugweramo, timadzi tija timatsuka munguwo n'kuusiya pamalo oyenera. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu m'pamene duwa lomwelo limatulutsa mungu wake wambiri, njuchi n'kumatuta m'miyendo kupita nawo kumng'oma kukadyetsa ana. Mwa njira imeneyi duwa limalandira mungu wa linzake lisadapereke wake. Ntchito ikatha, phesi limapinda n'kukokera chipatso pansi pa madzi. Chikapsa chimaphulika, njere n'kuyandama kwa kanthawi, kenaka n'kumira pamalo ena kukayamba moyo watsopano.

Kumapeto kwa thamandalo tidapeza anthu akuzula nyika. Adali amayi, abambo ndi ana a msinkhu wa ophunzira anga, ataima m'madzi olekeza m'chifuwa. Amafufuza ndi mapazi m'matope, akaigunda amamira n'kuizula ndi manja. Munthu mmodzi adaima m'bwato osagwira ntchito ina koma kuyang'ana pamadzi. Ndidafunsa agogo chifukwa chake. Adati: "Ameneyo ndi mlonda. Ng'ona sidya nyika, imadya wozula nyika." Ndidayang'ana mdzukulu wawo uja. Masiku onse aja ndinkalemba m'kaundula kuti wajomba, iye adali ataima m'madzi amenewa.

Agogo adatsikira m'madzi nawonso. Ndidaona kuti akazula yaikulu amaponya m'bwato, koma yaing'ono amaipondereza m'matope ndi chidendene. Adati makolo awo adawaphunzitsa choncho, kuti wozula nyika asiye mbewu. Dandaulo lawo lidali lakuti chaka cha njala anthu amachuluka m'dambomo, ena n'kumazulira malonda, ndiye mwambo wosiya zazing'ono umaiwalika. Adandilozera malo ena amene adati kale padali kakombo yekhayekha, koma lero padadzaza namasupuni.

Namasupuni ameneyu tisamusokoneze ndi kakombo. Duwa lake ndi lokongola ndithu, koma kwawo ndi ku South America. Amayandama, amaswana mofulumira, ndipo akaphimba madzi dzuwa silifika pansi. Zomera zathu zimafa, nsomba zimasowa mpweya, mabwato amasowa podutsa. Ndi mmodzi mwa zomera zimene zimakatsekanso makina opangira magetsi pa Shire.

Dambo limeneli lili ndi mbiri yake. Lili pakati pa maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumtunda kwa Chiromo kumene Ruo amathira mu Shire. David Livingstone adadutsa pano mu 1859, ndipo m'buku limene adalemba ndi mbale wake Charles, lotuluka mu 1865, muli nkhani yoti adawerenga njovu 800 nthawi imodzi. Dzina la Elephant Marsh lidachokera pamenepo. M'buku lomwelo adalembanso kuti m'madambo a Shire adaona anthu akudzaza mabwato ndi nyika. Lero njovu kulibe, koma nyika ikadalipo ndipo ikupulumutsabe anthu. Mu 2017 damboli, lomwe ndi mahekitala oposa 60,000, lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, kutsatira nyanja ya Chilwa imene idalowamo kale.

Pobwerera ndidapempha agogo kuti andipatseko nyika zazing'ono zisanu zokhala ndi maso. Adandiyang'ana modabwa. "Mukadye zisanu zokha?" Nditawauza kuti ndikufuna kukadzala kusukulu, adaseka mpaka bwato lidagwedezeka. Chikhalire chawo adali asadamvepo za munthu wodzala nyika. Komabe adasankha okha, n'kuzikulunga m'thumba lonyowa pamodzi ndi matope ake.

Pafupi ndi mjigo wa pasukulu pathu pali nkhuti imene idatsala pamene makolo ankaumba njerwa za kalasi. Madzi otayika pamjigo amatsikira mmenemo chaka chonse. Ine ndi ophunzira a kalabu ya zachilengedwe tidaikonza, tidachotsa zinyalala, tidatsira pansi ndi dothi lamakande kuti madzi asamalowerere, n'kukonza ngalande ya miyala yochokera kumjigo. Tidapempha amayi kuti zochapa azichapira mbali ina, chifukwa madzi a sopo amapha zamoyo za m'dziwe.

Paja amati safunsa adadya phula. Ine pofuna kuonetsa ukatswiri wa zaulimi ndidathira manyowa a ng'ombe osawolerana m'mabeseni awiri. Pasadathe sabata madzi adabiriwira n'kuyamba kununkha, ndipo nyika ziwirizo zidawola. Yachitatu idadyedwa ndi abakha a m'mudzi. Apa m'pamene ndidadzichepetsa n'kufunsa mtsikana uja. Iye ndiye adandiuza kuti kudambo nyika imakonda madzi odekha, pamtetete, ndipo diso lake silikwiririka kwambiri m'matope.

Kwa amene angafune kuyesa, njira imene idatithandiza ndi iyi. Tengani beseni lakale kapena mphika waukulu wadothi. Pansi ikani manyowa owolerana bwino pang'ono chabe, pamwamba pake dzazani makande. Dzalani nyika diso litayang'ana kumwamba ndipo likuonekera. Thirani mchenga kapena timiyala pamwamba kuti dothi lisavunduke. Miza besenilo pang'onopang'ono. Poyamba likhazikeni panjerwa kuti madzi apitirire dothi ndi chikhatho chimodzi, ndipo masamba akamakula muzichotsa njerwa mpaka madzi afike masentimita 30 kapena 60 pamwamba pa dothi. Malowo aziwombedwa ndi dzuwa maola osachepera 6 patsiku, chifukwa pamthunzi kakombo amangochita masamba osatulutsa maluwa. Asakhalenso pamene madzi akugwera kapena kuthamanga.

Ahedi athu atamva za dziwelo adandiitanitsa kuofesi. "Aphunzitsi, ana akudwala kale malungo, inu mwayamba kuweta udzudzu?" Funso lawo lidali lomveka, ndipo aliyense wofuna kuchita zimenezi aliganizire. Tidagwirizana kuti tiikemo matemba, chifukwa amadya mphutsi za udzudzu. Chilunguni tidachikana, popeza chimadya masamba. Pasadapite nthawi atombolombo adabwera okha, ndipo ana awo okhala m'madzi nawonso amadya mphutsi. Lachisanu lililonse ophunzira awiri amatunga madzi m'mphepete mwa dziwe ndi kapu yoyera kuti aone ngati muli mphutsi. Tidalonjeza ahedi kuti tsiku limene zidzachuluke tidzakwirira dziwelo ndi manja athu. Tidamanganso mpanda wa bango ndi minga, chifukwa cha mbuzi ndi abakha, koma makamaka chifukwa cha ana aang'ono obwera kumjigo ndi amayi awo.

Duwa loyamba lidatsegula mu Febuluwale 2025. Ndidali m'kalasi pamene mnyamata wina adabwera akuthamanga, osagogoda n'komwe. Tidasiya phunziro tonse n'kupita kudziwe. Pa duwalo padali patatera kale njuchi ziwiri.

Sindinganame kuti maungu athu adayamba kubala chifukwa cha maluwa ochepa a m'nkhuti. Nkhani ya njuchi ndi yaikulu kuposa pamenepo. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi osiyana. Lachikazi ndi lija lili ndi kadzungu kumbuyo, ndipo limatsegula m'mawa umodzi wokha. Likapanda kulandira mungu wokwanira m'mawa umenewo, kadzungu kaja kamathothoka. Chimanga chimadalira mphepo, koma maungu, mavwende, nkhaka ndi mpendadzuwa zimadalira tizilombo. Bungwe la FAO limati pa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zimene anthu amadya padziko, itatu imapindula ndi ntchito ya tizilombo ndi zamoyo zina zosamutsa mungu. Tsono kuno kwathu mitengo yamphako imene njuchi zinkakhalamo yapita ndi makala, tchire timatentha chaka ndi chaka, ndipo mankhwala a thonje ambiri timapopera dzuwa lili pamutu, nthawi imene njuchi zili m'maluwa. Pamsonkhano wa makolo ndidapempha alimi a thonje kuti azipopera madzulo njuchi zitabwerera kwawo. Ena adamva, ena adati mphunzitsi wasowa zochita.

Chimene ndingachitire umboni ndi ichi. Njuchi imatha kuuluka makilomita awiri kapena atatu kufuna chakudya, ndipo pamene yapeza mungu ndi madzi imabweranso ndi zinzake. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nyengo yotere njuchi zimatuta madzi kukaziziritsa mng'oma. Kale zinkaunjikana pamjigo, kumira m'zidebe, kuluma amayi, amayi n'kumazipha ndi zitenje. Lero zambiri zimatera pamasamba a kakombo n'kumamwa m'mphepete mwake popanda kumira. M'miyezi ya chilimwe, pamene tchire lapsa ndipo kumtunda kulibe duwa, kakombo wathu amakhala akutsegulabe m'mawa uliwonse, ndipo dimba la sukulu lili masitepe ochepa kuchokera pamenepo.

Phunziro la kusamutsa mungu tsopano timachitira padziwe. Amene amafotokoza za tsiku loyamba ndi lachiwiri la duwa si ine ayi, koma mtsikana uja. Amadziwa kusiyanitsa duwa latsopano ndi ladzulo ali chapatali. Mnyamata amene adakuwa tsiku lija ndiye amasunga kope lowerengera njuchi, ndipo adandiuza yekha kuti naye kwawo ankadya nyika mwezi womwewo. Sindikunena kuti mavuto atha. Dziwe lathu silingadyetse ngakhale banja limodzi, ndipo njala ikabweranso ndikudziwa kuti mabenchi ena adzakhalanso opanda anthu. Koma m'kalasi mwanga mawu oti nyika adaleka kukhala chitonzo.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga ndi owerenga amene muli pafupi ndi madzi, kaya ndi ku Chilwa, ku Chiuta, m'mbali mwa Bua kapena m'madambo a ku Mchinji ndi Kasungu. Tisamathamangire maluwa achilendo okha pokongoletsa sukulu, pamene madambo athu ali ndi maluwa amene tizilombo tathu tidazolowera. Tengani mbewu kudambo la kwanu komweko, mutenge zochepa, ndipo muyambe mwafunsa eni dera. Namasupuni musamunyamule ngakhale akongole bwanji. Kudambo musapite nokha, ndipo ana asukulu musawatume kumadzi a ng'ona. Akuluakulu oona za madambo nawonso akumbukire kuti anthu amene amadziwa bwino kakombo ndi omwe aja amamira m'matope chaka cha njala. Pokambirana za kasamalidwe ka Elephant Marsh, iwowa asamatsalire kunja.

Mwezi watha agogo aja adabwera kusukulu. Ndidawatengera kudziwe. Adaima nthawi yaitali atagwira mpanda, kenaka adapinda buluku n'kulowa m'madzi, kufufuza ndi phazi m'mabeseni muja. Atatuluka adati: "Aphunzitsi, zaswana izi, zikupanikizana. Muzigawe." Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali abwera adzatithandize kugawa. Zina tipereka kupulaimale ya pafupi nafe, ndipo zisanu agogo abwerera nazo kudambo kumene tidakabwereka.

Mphunzitsi wa kumudzi,
Chikwawa